SUKULU YA PAKHONDE

Munthu woyenda m'mphepete mwa nyanja kucokera kwa Makanjira kutsikira ku Malindi, naoloka Shire pa Mangochi, nalinga ku Nkope, ku Monkey Bay ndi ku Chembe, adzaona masukulu ambiri, ena a njerwa ndi malata, ena ophunzirira pansi pa mitengo. Poona zimenezi akhoza kuyesa kuti maphunziro m'dziko limenelo anayamba tsiku limene khoma loyamba la sukulu linaimikidwa. Koma si momwemo ai. Ana ambiri a Akristu oyamba a kumeneko anadziwira zilembo pakhonde pa nyumba ya makolo ao, polemba ndi cala pamcenga. Mbiri ino ndi ya sukulu yopanda belu imeneyo: kumene inacokera, cimene inakulira, ndi mlandu umene inautsa, ndiwo wakuti woyenera kuphunzitsa mwana ndani.

MAPHUNZIRO A MAKOLO

Asanafike amisyoni, Anyanja ndi Ayao a kumwera kwa nyanja anali nayo kale njira yao yophunzitsira ana, ndipo aphunzitsi anali abale a mwanayo. Mnyamata anali kutsata akuru ace kudooko, naphunzira kupalasa bwato, kusoka khoka, ndi kuzindikira mwera usanayambe kuomba. Mtsikana anali kuphunzira kwa amace kusinja, kuwamba nsomba ndi kusamala ana. Madzulo agogo anali kusimba nthano ndi kuponya ndagi, ndipo m'menemo ana anali kutola nzeru za kakhalidwe. Mwana akasinkhuka anali kupita kucinamwali. Pakati pa Ayao anyamata anali kulowa jando ndipo atsikana nsondo.

Kuwerenga nakonso sikunadze ndi Azungu okha. Mfumu Makanjira inalowa Cisilamu m'zaka za m'ma 1870, ndipo mafumu ena a Ciyao anatsatira. Alembi a mafumuwo anali kulemba makalata m'Ciswahili ndi zilembo za Ciarabu. Mwalimu anali kuphunzitsa anyamata Kurani pakhomo pace, ndipo ena a iwo anali kukhala naye ngati ana ace, namamtumikira kufikira atatha maphunziro ao. Motero amisyoni pofika anapeza anthu odziwa kale kuti nyumba ya munthu ikhoza kukhala sukulu.

MWAMBO WOCOKERA KUTSIDYA KWA NYANJA

Amisyoni nawo anadza ndi mwambo wao wa kuphunzitsira ana pakhomo. Muzu wace uli m'Baibulo, pakuti mutu 6 wa Deuteronomo ulamula makolo kuphunzitsa ana ao malamulo a Mulungu, ndipo Paulo achula Loisi ndi Yunike, agogo ndi amai a Timoteo, kuti ndiwo anayamba kukhala naco cikhulupiriro cimene mnyamatayo anakula naco. M'caka ca 1529 Martin Luther analemba katekisma wamng'ono kuti mwini nyumba aziphunzitsira a m'banja lace. M'caka ca 1647 Mpingo wa ku Scotland unakhazikitsa malangizo a mapemphero a m'banja, nulamula akuru a mpingo kuona kuti akusungidwa. Ku England, Susanna Wesley, mai wa John ndi Charles Wesley, anaphunzitsa yekha ana ace m'nyumba mwace ku Epworth, ndipo mwana ali yense anali kuyamba zilembo atakwanitsa zaka 5.

David Livingstone, amene anafika kumwera kwa nyanja mu September 1859, anakulira m'nyumba yotere ku Blantyre wa ku Scotland. Amene anamtsata pambuyo pace anali ndi maganizo omwewo, akuti Mkristu ayenera kudziwerengera yekha Mau a Mulungu, ndi kuti mwini nyumba ndiye mphunzitsi woyamba wa a m'nyumba mwace.

KU CAPE MACLEAR

Pa 12 October 1875 sitima ya Ilala inaturuka m'Shire nilowa m'nyanja, mfumu Mponda itailola kupita. Otsogolera anali E. D. Young ndi Dr Robert Laws, ndipo anamanga misyoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Caka cotsatira Dr James Stewart anadza ndi anyamata anai a ku Lovedale, ku South Africa: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mngunana anagwira nchito ya uphunzitsi, koma anamwalira mu 1877, asanaone zipatso za nchito yace.

Sukulu ya pamenepo inali yofanana ndi banja lalikuru. Ana ambiri anali akapolo othawa, osowa kwao, ndipo ena anali ana a mafumu a Amakololo a ku Shire amene atate ao anawatumiza kukaphunzira. Onsewo anali kudya, kugona, kupemphera ndi kugwira nchito pamisyoni pomwepo. Mmodzi wa iwo amene anaperekeza ana a mfumu Ramakukan anali Albert Namalambe. Iye anadza ngati mtumiki, koma anaphunzira pamodzi ndi ambuye ace, ndipo pa 27 March 1881 anabatizidwa, nakhala Mkristu woyamba wa misyoni ya Livingstonia.

Caka comweco amisyoni anasamukira ku Bandawe cifukwa ca malungo amene anawasiyira manda angapo pa Cape Maclear. Pocoka anasiya nchito m'manja mwa Namalambe. Apa ndipo pali ciyambi ceniceni ca mbiri ino. Azungu atapita, kagulu ka Akristu kanatsala kokha, kutali ndi abusa, ndipo cimene cinasunga kuwerenga ndi kupemphera pakati pao cinali khama la munthu wakuda mnzao ndi la mabanja ao. Cipangano Catsopano ca m'Cinyanja cimene Dr Laws anamasulira cinasindikizidwa mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo nyumba ya Mkristu inatha kukhala ndi buku lace. M'zaka za m'ma 1890 nchito ya kumeneko inaperekedwa kwa amisyoni a Dutch Reformed Church, amene pambuyo pace anamanga Malembo.

KWA MPONDA NDI KU MALINDI

Kumunsi kwa nyanja zinthu zinali zolimba koposa. Mu December 1889 ansembe Acikatolika a cipani ca White Fathers anafika kwa Mponda. Anatsegula sukulu, nacizanso odwala, koma mu June 1891 anacoka osasiya mpingo. Caka comweco Boma la Angerezi linamanga linga la Fort Johnston, ndipo nkhondo zace ndi Makanjira ndi Jalasi zinafika mpaka 1895. Mtendere utabwera, amisyoni a U.M.C.A., amene likuru lao linali ku Likoma, anakhazikika kwa Mponda mu 1896, ndipo pasanapite nthawi yaitali anamanga ku Malindi. Sitima yao ya Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi mu 1901, inali ndi cipinda cophunziriramo aphunzitsi, ndipo inali kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi kusiyamo aphunzitsiwo. Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe mu 1909 namwalira ku Msoro mu 1913, anagwirapo nchito ku Lungwena, kumpoto kwa Malindi.

Cinkana anacita khama lotere, Akristu anakhalabe owerengeka. Zaka zomwezo mashehe otchuka, monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, anali kufalitsa Cisilamu, ndipo midzi yambiri inawalandira. Makolo Acisilamu anakaniza ana ao sukulu za misyoni, ndipo sanali kuopa pacabe, popeza masiku amenewo sukulu ndi kalasi ya ubatizo zinali njira imodzi. Mwana wolowa sukulu anali kuphunzira zilembo ndi katekisma nthawi imodzi, ndipo ku U.M.C.A. wolimbikira anali kulandira mtanda, ndiko kulowa m'gulu la oyembekeza ubatizo.

Tsono sukulu sinkamangidwa m'mudzi popanda cilolezo ca nyakwawa. Banja Lacikristu lokhala m'mudzi umene unakana sukulu linali ndi njira zitatu zokha: kutumiza mwana kukagonera kumisyoni, kumyendetsa mtunda wautali tsiku ndi tsiku, kapena kumphunzitsa lokha. Mwana wamng'ono sakanatha kuoloka mitsinje yodzala m'dzinja, ndipo malo ogonera kumisyoni anali ocepa. Cifukwa cace khonde linasanduka sukulu.

Kaphunzitsidwe kace kanali kosabvuta. Dzuwa likapendeka, atate anali kusalaza mcenga ndi cikhato nalemba zilembo, ana namatsata ndi zala zao. Kuwerengera anali kuphunzira ndi timiyala kapena nsomba za pathandala. Usiku, pa kuunika kwa moto kapena kwa kanyali, banja linali kuyimba nyimbo, kuwerenga ndime imodzi ndi kupemphera, ndipo mwana amene wadziwa kulumikiza zilembo anali kupatsidwa vesi lace kuti awerenge. Mabuku anali awiri kapena atatu: la nyimbo, katekisma ndi Mau a Mulungu. Baibulo lathunthu la m'Cinyanja ca ku Likoma, limene Archdeacon W. P. Johnson anagwirapo nchito yaikuru, linaturuka mu 1912, ndipo Buku Lopatulika, limene W. H. Murray anatsogolera kumasulira kwace, linaturuka mu 1922.

Nyumba zopambana pa nchito imeneyi zinali za aphunzitsi. Mphunzitsi wotumidwa kumudzi wacilendo anali kudziwa kuti anthu adzayang'ana banja lace asanamvere mau ace. Ana ace ndiwo anali ophunzira ace oyamba, ndipo kawirikawiri anali kusunganso ana a abale ndi a Akristu anzace ocokera kutali. M'menemo anafanana ndi mwalimu wa m'mudzi womwewo, cinkana awiriwo anali kuphunzitsa mabuku osiyana. Ndico cifukwa cace m'mabanja a aphunzitsi munaturuka aphunzitsi ena, ansembe, alembi ndi anamwino, mbadwo ndi mbadwo.

MWANA NGWA YANI?

Sukulu ya pakhonde inautsa mlandu umene amisyoni sanauyembekeze. Iwo anacokera ku maiko kumene atate ndiye mwini ana. Koma mwa Anyanja ndi Ayao mwana atsata mtundu wa amace. Mwamuna anali kukakhala pacikamwini kwao kwa mkazi, ndipo mau otsiriza pa za ana anali a atsibweni, amene Ayao amawacha mjomba, pakuti ndiwo eni mbumba.

Tsono taonani mkamwini Wacikristu amene analonjeza m'chalichi, pa ubatizo wa mwana wace, kuti adzamlera m'Cikristu. Pobwera kumudzi anapeza mlamu wace ali ndi maganizo ena. Nyengo ya masika itatha ng'oma zinali kulira, ndipo atsibweni anali kufuna kuti mphwao apite kusimba pamodzi ndi anzace. Atate akakana, mwana anali kusekedwa ngati wosakula, ndipo mkamwini anali kukumbutsidwa kuti pamudzipo ndi mlendo. Atate akalola, anali kuopa mwambo wa mpingo. Wosauka koposa pakati pao anali mai, popeza wina ndi mwamuna wace, wina ndi mlongo wace.

Mabanja anayesa njira zosiyanasiyana. Ena anasamuka nakamanga pafupi ndi misyoni, kumene atate anakhala ndi mphamvu pa ana ace, koma anataya minda ndi cithandizo ca abale. Ena anakhalabe pamudzi, nagawana mwana: za m'buku kwa atate, za mwambo kwa atsibweni. Mipingo nayo inazindikira kuti kuletsa kokha sikukwanira. Amisyoni a ku Nkhoma anakonza Cilangizo, ndico cinamwali Cacikristu, m'mene akazi okhwima a mumpingo amalangiza atsikana. A U.M.C.A. anayesa m'malo ena kucititsa jando yoyang'aniridwa ndi mpingo. Pocita izi anabvomereza cimene makolo anadziwa kale, cakuti mwana saleredwa ndi anthu awiri okha.

AMAI NDI MAKALATA

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amuna ambiri anali kupita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi kumigodi ya ku Johannesburg, kuti apeze ndalama za msonkho ndi za nsaru. Ena anali kukhala zaka, ena osabweranso. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, koma mibadwo iwiri kapena itatu inali itakula atate ali kutali. M'nyumba zotero sukulu ya pakhonde inatsala m'manja mwa amai.

Cimene cinawalimbikitsa ndi kalata. Mkazi wosadziwa kuwerenga anali kutenga kalata ya mwamuna wace kupita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mlembi, ndipo zinsinsi za m'nyumba, pamodzi ndi ciwerengero ca ndalama zotumizidwa, zinali kumveka kwa munthu wapadera. Mwana wodziwa kuwerenga anali kubisa manyazi amenewo. Motero mai amene anangofika kalasi yaciwiri anali kupatsa ana ace kang'ono kamene anali nako, ndipo mwana wamkuru anali kuphunzitsa ang'ono ace.

Mabungwe a amai a m'mipingo anathandiza kwambiri. Mothers' Union, imene Mary Sumner anayamba ku England mu 1876, inafika mumpingo wa Anglican. Ku Nkhoma kunabadwa Cigwirizano, ndi ku Blantyre Mvano. M'misonkhano yao akazi anali kuphunzitsana kuwerenga Baibulo, kusoka, ukhondo ndi kaleredwe ka ana, ndipo zimene anaphunzira zinali kukathera pakhonde.

BOMA LILOWA M'BWALO

Kwa zaka zambiri Boma la Nyasaland linasiya maphunziro m'manja mwa amisyoni. Thandizo lace loyamba linali £1,000 pa caka, logawira misyoni yonse, kuyambira mu 1907. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko mu 1924, Boma linatsegula Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inayamba ku Domasi. Kumeneko mphunzitsi anali kupita ndi mkazi wace ndi ana ace. Mwamuna anali kuphunzira kuyang'anira masukulu a m'midzi, mkazi namaphunzira za pakhomo, kuti pobwerera nyumba yao ikakhale citsanzo. Apanso Boma linabvomereza kuti sukulu siyenda bwino popanda banja.

Koma ndi Boma kunadza silabasi, mayeso ndi setifiketi, ndipo izi khonde silikanatha kupereka. Kholo lipatsa mwana cimene liri naco basi. Wodziwa Cinyanja cokha sakanaphunzitsa Cingerezi, ndipo nchito za ukalaliki zinali kufuna Cingerezi. Sukulu ya sekondale yoyamba itatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ndi ya ku Zomba mu 1942, zinaoneka poyera kuti khomo lolowera kumeneko ndi mayeso a sukulu yobvomerezeka. Panalinso colakwa cina: m'nyumba zambiri mtsikana anali kutumidwa kumadzi ndi kumtondo pamene mlongo wace ali pa buku. Cotero sukulu ya pakhonde inasiya kukhala njira yokha, nisanduka maziko a sukulu ya Boma ndi ya misyoni.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, masukulu anacuruka, ndipo pang'onopang'ono makolo Acisilamu analeka kuopa kutumiza ana ao. Mu 1994 Boma linathetsa fizi ya ku pulaimale, ndipo ana olembedwa m'dziko lonse anakwera kucokera pa 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000. Lamulo la Maphunziro la 2013 linati mwana ali yense ayenera kupita ku pulaimale. Ici cinali cinthu cabwino cimene akale anacilakalaka. Komabe cinadza ndi msampha wace, pakuti makolo ena anayesa kuti nchito yao yatha pamene mwana wabvala yunifomu.

KUSIYANA NDI MAIKO ENA

Ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kunabuka gulu la makolo ocotsa ana ao kusukulu kuti aziwaphunzitsa okha. John Holt analimbikitsa zimenezi ponena kuti sukulu ipha cidwi ca mwana, ndipo Raymond Moore anakopa mabanja ambiri Acikristu. Pofika 1993 mcitidwewu unali wololedwa m'zigawo zonse 50 za dzikolo. Wowerenga aone kusiyana kwace. Kumeneko makolo anakana sukulu imene inalipo. Ku Mangochi makolo anaphunzitsa pakhomo cifukwa sukulu kunalibe, ndipo itafika anathamangira kukalembetsa ana ao. Sanafune kubisa ana kwa anzao. Mwana wa Mkristu anali kusambira ndi kuwedza pamodzi ndi mwana wa Msilamu, ndipo kawirikawiri awiriwo anali a mbumba imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 7 mwa 10 ali onse a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo mtendere wa pakati pao ndi Akristu unakulira m'kuseweretsana kumeneko.

Pa 23 March 2020 masukulu onse a m'Malawi anatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo anayamba kutsegulidwanso mu September. Miyezi imeneyo nyumba iri yonse, ya Mkristu ndi ya Msilamu yomwe, inafunsidwa funso lakale lija. Maphunziro ena anali kuulutsidwa pa wailesi, koma wailesi siitana mwana amene ali kudooko. Kumene kunali munthu wamkuru womkhazika mwana pansi ndi buku, mwanayo anabwerera kusukulu akukumbukira zimene anaphunzira. Kumene kunalibe, anyamata ena anazolowera ndalama za usodzi, ndipo atsikana ambiri anatenga mimba kapena kukwatiwa, osabwereranso m'kalasi.

Akuru anati m'mera mpoyamba. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 100 sangathe kumva mwana ali yense akuwerenga tsiku ndi tsiku, koma mai, atate, agogo kapena atsibweni akhoza kumva mwana mmodzi nsima isanapse. Akristu oyamba a ku Cape Maclear, a kwa Mponda ndi a ku Malindi analibe sileti yokwanira kapena nyali yowala, koma anali kupatula kanthawi ka madzulo kuti akhale pansi ndi ana ao. Adzukulu ao ali ndi masukulu amene iwo sanawaone, ndipo kanthawi ka madzulo kaja kakali m'manja mwao.